Napolo wa ku Mulanje ndi Kulemera kwa Miyala

Phiri la Mulanje ndi thanthwe lalikulu lolimba, ndipo nsonga yace, Sapitwa, italika mamita 3,002. Pamwamba pa thanthwelo pagona dothi losazama, logwirira pa matsitso monga mphasa yoyanika pa denga. Makolo ankati pansi pa mapiri otere pakhala Napolo, cinjoka cimene cikafuna kusamuka cing'amba nthaka ndi kutsika ndi madzi, ndipo palibe woima pa njira yace.

Mu December 1946 Napolo anatsika pa phiri la Zomba nakokolola milatho ya m'mudzi wa Boma, ndipo anthu anampekera nyimbo. Koma tsoka loposa linagwa pa 10 March 1991 ku Phalombe, kumene masiku amenewo kunali mbali ya boma la Mulanje, pakuti kunapatulidwa mu 1998. Mvula itagwa kolimba, matsitso a phiri la Michesi anagumuka. Matope, mitengo ndi miyala zinatsata mtsinje wa Phalombe ndi kuwomba nyumba, masitolo ndi milatho, ndipo anafa anthu ngati 500.

Tsono funso ndi ili: madzi angathe bwanji kunyamula mwala waukulu ngati nyumba? Tiyeni tiyese ndi debe. Debe la malita 20 lodzala madzi lilemera makilogalamu 20, monga adziwa mai ali yense wocokera ku citsime. Mwala wa m'phiri wofanana kukula ndi debelo ulemera makilogalamu ngati 53. Archimedes wa ku Syracuse anapeza kalekale, Yesu asanabadwe, kuti cinthu comizidwa cipepuka molingana ndi kulemera kwa madzi amene cawacotsa pa malo pace. Cotero mwala wathu uja m'madzi oyera utsala ndi makilogalamu 33. Koma Napolo sali madzi oyera ai. Ndi phala la matope lolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, ndipo m'phala lotere mwalawo utsala ndi makilogalamu ngati 13 okha. Mwalawo sunacepe, thupi lace liri lomwelo. Capunguka ndi mphamvu imene unali kukanikiza nayo pansi. Cifukwa cace uyenda ngati cipika, koma ukagunda mzati ugunda ndi thupi lace lonse.

Kugumuka kwa citsitso nakonso kuli ndi cifukwa cace. Dothi louma ligwira thanthwe cifukwa ca kukhakhala. Mvula ikalowa, dothi lionjezera kulemera, ndipo madzi okhala pakati pa dothi ndi thanthwe alikankhira m'mwamba, mpaka kugwira kuja kulephera. Mizu ya mitengo ithandiza kumanga dothi, ndipo odula nkhalango sitingawakhululukire, komabe pa mvula yoopsa ngakhale nkhalango igumuka pamodzi ndi mitengo yace.

Nanga milatho, imene ipirira magalimoto odzala tiyi zaka ndi zaka, igweranji pa ora limodzi? Mlatho aumanga kuti usenze katundu wocokera pamwamba, ndipo mizati yace ipereka kulemerako ku maziko. Napolo abwera m'mbali. Liwiro la madzi likaculuka kawiri, kukankha kwace kuculuka kanai. Mitengo itsekereza pansi pa mlatho nisandutsa mlathowo dambo la madzi, pomwe madzi ena akumba mcenga pansi pa maziko. Nyumba ya zidina zosaocha ndiyo yosakhalitsa konse, pakuti khoma lace lisenza denga bwino lomwe, koma likanyowa ndi kukankhidwa m'mbali lifumuka ngati cigulumwa.

Mu March 2023 namondwe wochedwa Freddy anabweza zonsezi. Ku Muloza, pa malire a Mozambique, ndi ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, mitsinje inasiya makwawa ace, miseu inaduka, ndipo midzi ina inakwiririka ndi miyala. M'dziko lonse anafa anthu mazanamazana.

Woyenda m'minda ya tiyi ndi ya cimanga m'tsinde mwa phiri aona miyala yaikulu yobulungira itakhala payokhapayokha kutali ndi thanthwe. Yambiri ya iyo inafika ndi Napolo wa zaka zakale, asanabwere alembi a mbiri. Malo omwewo, pa matulukiro a mitsinje, ndiwo ali ndi dothi la conde ndi madzi apafupi, ndipo ndipo pamene anthu amanga midzi yao.