Mayi amene anakana kudikira kuti wodwala abuule

Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1948, m'chipatala china ku London, bambo wina dzina lake David Tasma, Myuda wochokera ku Poland, anali kufa ndi khansa. Analibe wachibale pafupi. Amene ankamuchezera anali Cicely Saunders, nasi amene anasiya ntchito ya m'mawodi chifukwa cha msana. Pomwalira, Tasma anamusiyira mapaundi 500 oti adzayambire nyumba yosamalira odwala amene sadzachira.

Mayiyu anakaphunzira udokotala, namaliza mu 1957. Masiku amenewo m'zipatala zambiri wodwala ankayamba wabuula asanapatsidwe morphine, ati kuopa kuti angazolowere. Koma inu, munthu watsala ndi masabata atatu, azolowera chiyani? Saunders ankapereka mankhwalawo akumwa, maola anayi alionse, ululu usanabwerere. Odwala anayamba kugona, kudya, kucheza ndi ana awo ali maso. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London komweko.

Nkhani yovuta ndi iyi. Ena ankati ngati munthu akuvutika, lamulo lilole dokotala kumuthandiza kufa. Saunders, Mkhristu wa mpingo wa Anglican, anakana mpaka mapeto. Ankati wopempha imfa nthawi zambiri watopa ndi ululu umene palibe akuusamala, kapena akudziona ngati katundu wolemetsa abale. Kwa iye ululu sunali wa thupi lokha. Muli mantha, muli nkhawa ya ana, muli za mzimu. Wamalonda aliyense akudziwa kuti ngongole imalanda tulo kuposa mutu.

Nanga kumuuza wodwala zoona? Kwathu kuno timanong'onezana panja, tikalowa n'kumati "muchira, amama." Iwo akudziwa kale. Saunders ankakhala pansi n'kumvetsera, kusiya wodwala afunse zimene akufuna kudziwa, osamunamiza, osamukakamizanso. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yolemera kuposa kubisa, chifukwa imafuna nthawi, ndipo nthawi ndi imene timaumira.

Ntchitoyi inafika ku Africa: Island Hospice ku Zimbabwe mu 1979, kenaka Dr Anne Merriman ku Uganda mu 1993, ndi morphine wosungunula m'madzi woti wodwala azimwera kunyumba. Saunders anamwalira ndi khansa mu 2005, m'nyumba yomweyo imene anamanga.