Miyendo tili nayo, koma njinga?

Loweruka lina m'mawa ndinaona mnyamata akukangana ndi kondakitala pa depoti ya Limbe. Mnyamatayo anali atachotsa tayala la kutsogolo la njinga yake, atalikoleka paphewa, ndipo amafuna kupita ku Zomba komwe ati mawa lake kunali mpikisano. Kondakitala naye sanafune zambiri: njinga ilipire mpando wake, apo ayi mwini wake apalase. Anthu tinaseka, koma ine kusekako kunandithera panjira, poti mkangano umenewu ndi wakale kuposa mnyamatayo, kuposanso ine.

Njinga yakapalasa inafika m'midzi mwathu ngati chuma. Azigogo athu pobwera ku Joni kapena ku Salisbury ankatsika ndi Humber kapena Raleigh, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaigwira chishalo. Ntchito yake inali kunyamula thumba la chimanga, mayi wodwala, nkhuni, mwina mkwatibwi. Kuthamanga kunali kwa apo ndi apo. Tsono pamene ena anayamba kupikisana, anayamba ndi miyendo yozolowera katundu, yolimba kwabasi, koma njinga zopepuka za magiya zinali za anthu ochepa.

M'chaka cha 1972 dziko la Malawi linapita koyamba ku masewera a Olympics, mumzinda wa Munich ku Germany. Pagulu limenelo panali opalasa njinga awiri, a Grimon Langson ndi a Raphael Kazembe. Mpikisano wawo unali wa makilomita 182. Kuti mumvetse, amangwetu, ndiye ngati kunyamuka pa Clock Tower, kudutsa Limbe, Njuli, Namadzi, Thondwe, Zomba, kutsetsereka ku Liwonde mpaka kuyandikira Mangochi boma, osaima pogula nthochi. Ndiponso unachitika patangopita masiku awiri zigawenga zitaukira mudzi wa osewera, pomwe anthu 11 a ku Israel anaphedwa. Anapambana ndi Hennie Kuiper wa ku Netherlands. Athu awiriwo sanamalize.

Apa ndi pomwe ena amapukusa mutu n'kutseka nkhani. Koma tsiku limenelo oposa theka la onse amene anayamba nawo sanamalize, ena mwa iwo ochokera kumayiko komwe mwana amakula akuonera mipikisano pakhomo pake. Ine chimene chimandigwira mtima ndi ulendowo. Wampira akalongedza nsapato wathana nazo. Wanjinga ayenera kumasula matayala, handulo ndi chishalo, kukulunga zonse, n'kumapemphera kuti onyamula katundu asapinde limu. Akafika amange, akunge masipoko, aone tcheni, ayese mabuleki pamsewu umene sanaupondepo. Sipoko imodzi ikaduka ndipo ulibe tayala lina, miyezi yonse imene unkadzuka nkhuku zisanalire yathera pomwepo.

Ku Olympics ya 1976 ndi 1980 Malawi sanapite. Mu 1984 ku Los Angeles kunapita a Dyton Chimwaza ndi a Daniel Kaswanga, ndipo mu 1988 awiriwa anabwereranso ku Seoul pamodzi ndi a George Nayeja ndi a Amadu Yusufu. Maina amenewa lero mukawatchula mu minibasi ya ku Ndirande anthu angokuyang'anani, pamene osewera mpira a zaka zomwezo amawatchula ngati abale awo. Kaya n'chifukwa choti njinga tinaizolowera kwambiri, mpaka sitikhulupirira kuti ingakhale masewera.

Nkhani imene imandipweteka, komanso kundiseketsa, ndi ya 2014. Ku masewera a Commonwealth mumzinda wa Glasgow tinatumiza a Missi Kathumba ndi a Leonard Tsoyo. Atafika anatengera njinga zawo ku sitolo ya Billy Bilsland Cycles kuti akazikonze. Amisiri a kumeneko ataona mmene njingazo zinathera, anawabwereka zina zabwino kuti apikisanire. Manyuzipepala a ku Britain analemba za chifundo cha eni sitolo, ndipo chinalidi chifundo. Koma tadzifunseni, anthu awiri onyamula mbendera ya dziko anakwera bwanji ndege ndi njinga zotero popanda wina kuno kuchita manyazi? Chodabwitsa china, kufupi ndi Glasgow komweko kuli kamzinda ka Blantyre komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, komwe mzinda wathu uno unatenga dzina mishoni itakhazikitsidwa mu 1876. Ndiye kuti anyamatawo anakabwereka njinga kwa a mnzathu wa dzina.

Mnyamata wa pa Limbe uja anawerenga ndalama zake kawiri. Zinali zokwanira mpando umodzi ndi chakudya cha usiku, basi. Anagwada pansi, anabwezeretsa tayala lija, anatsina chubu kuti amve mpweya, kenaka anamangirira kachikwama kake kumsana. Kondakitala anali atayamba kale kuitanira ena. Ndinamuona akulowera msewu wa Zomba, makilomita oposa 60 ali patsogolo pake, mpikisano uli mawa.