Sitalaka: mawu amene anatsika ndi matanga

Ndikakumana ndi mawu oti strike pomasulira, dzanja limathamangira kulemba kuti "kunyanyala ntchito", ndipo nthawi zonse mtima umakhala ndi kanjiru. Kwathu amanyanyala ndi mwana amene wamanidwa chiwindi, kapena mkazi amene wamanga katundu kubwerera kwa makolo ake. Wonyanyala timamunyengerera. Koma amene anabala mawu a Chingeleziwa sankafuna kunyengereredwa.

Kuyambira kale strike ndi kumenya, koma pakati pa amalinyero mawuwa ankatanthauzanso kutsitsa thanga kapena mbendera. Mu 1768, ku London zinthu zitakwera mtengo, amalinyero a pa mtsinje wa Thames anafuna malipiro awo akwere. Anayenda chombo ndi chombo akutsitsa matanga, ndipo chombo cha nthawi imeneyo chopanda thanga chinali ngati ngolo yopanda ng'ombe. Malonda a padoko anaima. Ndi m'chaka chimenecho m'mene mawuwa anayamba kupezeka m'zolembedwa akutanthauza kuleka ntchito pamodzi. Taonani: sanangokhala pakhomo atapinda manja. Anakwera m'mwamba, namasula zingwe, kuti mwini katundu aone ndi maso ake kuti chuma chake chimayenda ndi manja a yani.

Mchitidwewo ndi wakale kuposa dzina lake. Amisiri okumba manda a mafumu ku Deir el-Medina, m'dziko la Egypt, analeka ntchito m'masiku a Ramesses III chifukwa tirigu wa malipiro awo anachedwa. Koma mawu amene anatipeza ife ndi a Chingelezi, ndipo anadzera m'migodi, m'njanji ndi m'mafakitale, pakamwa pathu n'kusanduka sitalaka.

Mu May 1935, boma la atsamunda litakweza msonkho wa anthu okhala m'migodi ya Northern Rhodesia, antchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ku Luanshya analeka ntchito. Ku Luanshya apolisi anawombera, anthu asanu ndi mmodzi n'kufa. Mu 1940 magazi anakhetsedwanso ku Nkana. Ku Malawi, mu May 1992, patangotha miyezi iwiri chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika, antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre anatuluka kukafuna malipiro abwino. Moto unafalikira mumzinda, anthu ambiri anaphedwa, ndipo chaka chotsatira, pa 14 June, dziko linavotera ndale za zipani zambiri. Kodi anthu amene anagwa ndi zipolopolo m'misewu imeneyo tinganene kuti "ananyanyala"?

Pamene apolisi anapha antchito 34 ku Marikana pa 16 August 2012, funso lomwelo linandibwerera. "Kunyanyala" kumachepetsa nkhani: kumaika bwana pampando wa kholo, wantchito n'kukhala mwana wovuta amene njala ikamupweteka abwera yekha kudzadya.

Pali akonzi amene amadana ndi "sitalaka", ati ndi mawu obwereka, Chichewa chenicheni chilipo. Ndimawamva, ndipo penapake ndimawagonjera, makamaka nkhani ikakhala ya aphunzitsi amene akhala kunyumba masiku awiri podikira malipiro ochedwa. Koma pomasulira mbiri ya Luanshya ndinafufuta "kunyanyala" paliponse, ndinalemba "sitalaka". Mkonzi anabweza pepalalo atazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, ine n'kulitumizanso momwemo.