JOE MAFELA, MVENDA AMENE ANASANDUKA S'DUMO

M'zisudzo muli anthu ena amene sapatsidwa mbali ya mfumu kapena ya ngwazi yopulumutsa dziko. Iwo amatenga khalidwe la munthu wamba amene tonse timamudziŵa, monga mlesi, wamiseche kapena kapitao wodzikuza, nalivala ngati malaya mpaka oonera nkuiŵala dzina lawo lenileni. Lero tikamba za mmodzi wa akatswiri otere, malemu a Joe Mafela a ku South Africa, amene anthu ochuluka ankangowatchula kuti S'dumo.

A Mafela anabadwa m'chaka cha 1942 ku Sibasa, m'dera la Avenda kumpoto kwa dzikolo, koma anakulira ku Kliptown ndi ku Soweto, kufupi ndi Johannesburg. Kumeneko kunkasonkhana anthu a mitundu yonse odzafuna ntchito, kuphatikizapo abale athu a kuno ku Malaŵi amene ankapita ku Joni. Mwana wokulira pamalo potero amatola zilankhulo pamsewu monga mmene mnzake wa kumudzi amatolera masuku, ndipo zilankhulozo ndizo zinadzakhala chuma cha a Mafela. Anayamba kuoneka m'mafilimu m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake anaseŵera mu Udeliwe, filimu ya m'Chizulu imene anaitsogolera ndi a Simon Sabela.

Tsono kuti timvetse ntchito yawo, tiyenera kudziŵa mmene wailesi ya kanema inafikira m'dzikolo. Boma la tsankho linaikana kwa zaka zambiri, poopa kuti idzaonetsa anthu makhalidwe a kunja ndi kusokoneza dongosolo lolekanitsa mitundu. Inatsegulidwa mu Januwale 1976, m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans mokha. Anthu akuda anadikira mpaka 1982, ndipo ngakhale pamenepo anagaŵidwa: TV2 inali ya olankhula Chizulu ndi Chixhosa, TV3 ya olankhula Chisotho, Chitswana ndi Chipedi. Chivenda, chilankhulo cha kwawo kwa a Mafela, sichinapatsidwe nyumba yake. Pamaso pa boma, Mvenda kwawo kunali ku Venda, kachigawo kamene mu 1979 kanatchedwa dziko loima palokha, ngakhale kuti maiko a kunja sanakavomereze.

M'chaka cha 1986, pamene boma linakhazikitsa malamulo a nthaŵi ya chipwirikiti m'dziko lonse ndipo anthu zikwizikwi anali kutsekeredwa popanda mlandu, panatuluka seŵero lanthabwala la m'Chizulu lotchedwa 'Sgudi 'Snaysi. A Mafela anatenga mbali ya S'dumo, lova wokhala m'nyumba ya mayi wina wotchedwa Sis May, mbali imene anaseŵera a Daphney Hlomuka. S'dumo analibe ntchito, analibe ndalama, koma pakamwa pake sipankauma. Tsiku ndi tsiku ankakonza nzeru yatsopano yopezera chakudya kapena yozembera Laqhasha, wakatapila woopsa, amene anali a Don Mlangeni Nawa. Kaŵirikaŵiri msampha umene anatchera mnzake unkakola mwini wake. Inu amene munakulira pa nthano za madzulo mwamuzindikira kale munthuyu: ndi Kalulu, wamng'ono wopanda mphamvu amene chida chake ndi lilime.

Seŵeroli linafika zigawo 78. Alipo amene anganene kuti kuseketsa anthu pa wailesi ya boma m'masiku a misozi kunali kuthandiza bomalo kuphimba zilonda, ndipo mfundo imeneyi si yopepuka, pakuti seŵerolo silinkatchula ndale. Komabe tikayang'anitsitsa, tiona kuti zonse zimene tsankho linabala zinali m'nyumba ya Sis May: kusoŵa kwa ntchito, kuthithikana m'tinyumba ting'onoting'ono, ndi ngongole ya katapila. Munthu amene anachotsedwa ntchito dzulo ankadziona yekha pa kanema, ali wamoyo, wochenjera, wosagonja. Ndipo chimene olekanitsa mitundu sanachiyembekeze n'chakuti oonera sanasamale malire amene anawalembera. Msotho, Mtswana, Mshangani, onse ankatsegula seŵero la Chizulu kuti aone Mvenda akuthaŵa wakatapila.

Tsankho likutha, a Mafela sanatsalire m'mbuyo. Pogwira ntchito ndi a Roberta Durrant a kampani ya Penguin Films, anaseŵera mu Going Up, seŵero la mu ofesi ya maloya, mmene iwo ndi mzungu, a Rex Garner, ankasekana pa kusamvetsetsana kwa zilankhulo ndi miyambo m'dziko latsopano. Anali woimbanso: nyimbo yawo ya Shebeleza inamveka ponseponse mu 1996, pamene South Africa inachititsa mpikisano wa mpira wa maiko a mu Africa nkutenga chikho itagonjetsa Tunisia 2 kwa 0. Atakalamba anatenga mbali ya Tebogo Moroka mu Generations: The Legacy. Anamwalira pa 18 Malichi 2017 pa ngozi ya galimoto pa msewu wa M1 mu Johannesburg.

Kwa achinyamata athu ochita zisudzo, kaya pa wailesi, kaya m'maholo a sukulu, phunziro lake n'lomveka. Ambiri amalimbirana mbali ya bwana, naona ngati kunyozeka kupatsidwa mbali ya wantchito kapena ya lova. A Mafela anatenga munthu wosaŵerengedwa, namumvetsera bwino kayankhulidwe kake, kayendedwe kake ndi mantha ake, mpaka dziko logaŵika linamulandira ngati mbale wa m'nyumba.