Kamawu kamene mafumu ankalumphira malamulo

Chaka chatha ndinalandira imelo yoyankha kalata yanga yofunsira ntchito. Mzere woyamba unali wokoma kwabasi: akuti mapepala anga ndi abwino ndipo pa intavyu ndinayankha mogwira mtima. Mzere wachiwiri unayamba ndi "however". Sindinapitirize n'komwe, ndinadziwiratu kuti zanga zada. Amene munafunsirapo ntchito mukudziwa chimene ndikunena.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulondola mbiri ya timawu ta Chingerezi timene timayamba ndi kukuvomereza kenako n'kukutembenukira: "but", "however", "although", "nevertheless", "notwithstanding". Kusukulu anangotiuza kuti ndi tolumikizira ziganizo, ngati "koma", "komabe" ndi "ngakhale" athuwa. Sanatiuze kuti kamodzi mwa timawu timeneti kanayambanitsapo mfumu ndi nyumba ya malamulo.

Tiyambe ndi "but". Zaka zoposa 1,000 zapitazo, Angerezi ankati "butan", kutanthauza "kunja". Ku Scotland kanyumba ka zipinda ziwiri amakatcha "but and ben": "but" ndi chipinda chakunja, "ben" chamkati. Ndiye munthu akakuyamikira n'kuwonjezera "but", dziwa kuti pali chinthu anachisiya panja ndipo akufuna kuchilowetsa.

Kamene kali ndi mbiri yoopsa ndi "notwithstanding". Angerezi anangomasulira mawu a Chilatini akuti "non obstante", otanthauza kuti palibe chotchinga. M'zaka za m'ma 1200 apapa ku Rome ankawalemba m'makalata awo akafuna kupereka udindo kapena chilolezo posatengera lamulo limene linalipo kale. Mfumu Henry III ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1216 mpaka 1272, inaona kuti njira ndi imeneyi, nayonso n'kuyamba kutero. Mmonke wina wolemba mbiri wa ku St Albans, Matthew Paris, anadandaula kwambiri za khalidweli m'zolemba zake.

Taonani kuchenjera kwake. Mfumu sinkafafaniza lamulo ayi. Lamulo linkakhala m'buku momwemo, ndipo mfumu inkavomereza kuti lilipo. Inkangoti kwa munthu uyu, pa nkhani iyi, lamulolo lipatuke kaye. Timawu tovomerezati timagwira ntchito chomwechi: sitikana zimene wanena, timangoziika pambali.

Zinthu zinafika povuta mu ulamuliro wa James II, amene analowa ufumu mu 1685. Lamulo la 1673, lotchedwa Test Act, linkatsekera Akatolika maudindo a m'boma ndi a usilikali. James, amene anali Mkatolika, anapatsa Sir Edward Hales udindo m'gulu la nkhondo, n'kumupatsanso kalata yomuchotsa m'goli la lamulolo. Mu 1686 nkhaniyi inalowa m'khoti. Wosumira anali Godden, munthu woyendetsa ngolo ya Hales yemweyo, ndipo mlanduwo unali wochita kupangana kuti khoti linene poyera mphamvu za mfumu. Oweruza 11 mwa 12 anagamula mokomera James, amene anali atachotseratu pa ntchito oweruza ena okayikitsa.

Pano nanenso ndigwiritse ntchito "ngakhale". Ngakhale lamulo la 1673 linali latsankho ndithu, mantha a aphungu anali omveka: munthu amene angathe kulumpha lamulo loipa lero, mawa adzalumpha labwino, ndipo adzamuletse ndani? Chakumapeto kwa 1688 James anathawira ku France. Mu 1689 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Bill of Rights, ndipo m'menemo inatchula "non obstante" ndi dzina lake, n'kuletsa mfumu kumasula munthu ku lamulo mwa njira imeneyi.

Kamawuko sikanafe, kanangosintha mwini. Mu 1982 dziko la Canada linaika gawo 33 m'chikalata chake cha maufulu, ndipo anthu amalitcha "notwithstanding clause". Gawoli limalola nyumba ya malamulo kupanga lamulo posatengera maufulu ena a m'chikalatacho, kwa zaka zisanu, kenako n'kutha kuwonjezeranso. Mu 2019 chigawo cha Quebec chinaligwiritsa ntchito poletsa antchito ena a boma, monga aphunzitsi ndi apolisi, kuvala zizindikiro za chipembedzo ali pa ntchito.

Ife kuno malamulo athu timalemba m'Chingerezi chomwecho. Tsegulani malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, "notwithstanding" mumupeza. Alimonso m'mapepala a ngongole, a lendi ndi a ntchito amene timasainira mothamanga. Abale anzanga, mukamuona chepetsani liwiro. Zimene zili kumbuyo kwake zagonja kale, zimene zikubwera kutsogolo ndiye zidzagwire ntchito tsiku la mkangano.

Imelo ija ndinakaitsegulanso n'kuiwerenga mpaka kumapeto. Ntchito sanandipatse ndithu.