Linga la pa Phiri la Mangochi

Mukacoka pa Mandimba kulowera kumadzulo, muoloka malire pa Chiponde, kenaka mufika ku Namwera, m'dziko la Malawi. Dera limeneli n'lamapiri. Limodzi mwa mapiriwo ndi Mangochi. Pa phiri limeneli pali mabwinja a linga limene Angelezi anamanga m'caka ca 1897.

Wofuna kuona lingali ayenera kukwera wapansi, kudutsa m'nkhalango. Akafika apeza makoma okhuthala atazungulira bwalo, ndi nyumba zopanda madenga. Mitengo ndi udzu zinamera m'kati. Nanga n'cifukwa ciani Angelezi anavutika kumanga kumwamba konseku?

Iwo sanali oyamba kukhala pa phiripo. Kale panali mudzi waukulu wa mfumu ya Ayao, dzina lake Jalasi. Mfumuyi inasankha phiri cifukwa mdani ankaoneka akali kutali, ndipo njira zokwerera zinali zocepa.

Masiku amenewo mafumu a Ayao monga Mataka, Makanjira, Mponda ndi Jalasi anali olemera ndi malonda. Anthu awo ankayenda maulendo ataliatali mpaka kunyanja yamcere, ku Kilwa, ku Ibo, ku cisumbu ca Mozambique ndi ku Quelimane. Popita ankasenza minyanga ya njovu. Pobwera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Koma ankagulitsanso anthu. Amuna, akazi ndi ana ankagwidwa m'midzi, ambiri a iwo Anyanja, ndi kuyendetsedwa mpaka kugombe. Kumeneko Apwitikizi anali ndi malinga awo pa zisumbu: la São Sebastião pa cisumbu ca Mozambique, limene anayamba kumanga mu 1558, ndi la São João Baptista pa Ibo, la mu 1791. Ambiri amene anafika kugombeko sanaonenso kwawo.

M'caka ca 1891 Angelezi anatumiza Harry Johnston kudzalamulira dziko la kumadzulo ndi kumwera kwa nyanja yathu. Iye anati wadza kudzathetsa ukapolo. Anamanga linga m'mbali mwa mtsinje wa Shire nalicha Fort Johnston. Ndi pamene lero pali boma la Mangochi. Asilikali ake ena anacokera ku India, ena anali Amakuwa a kuno ku Mozambique.

Jalasi anakana kugonja. Mu 1892 asilikali a Angelezi anayesa kukwera phiri, koma Ayao anawapirikitsa, nawalanda mfuti yaikulu ya mzinga. Patapita zaka zitatu, mu 1895, Angelezi anabweranso ndi gulu lalikulu. Mudzi unagwa, ndipo Jalasi anathawira mbali ya kuno ku Mozambique. Pofuna kuti Ayao asabwerenso pa phiripo, Angelezi anamangapo linga lawo. Kucokera mu 1907 kufikira mu 1910 lingali linali ndende. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 ankaphunzitsirapo asilikali acikuda. Pambuyo pake linasiyidwa.

Tsono tinene kuti wabwino anali yani, Jalasi kapena Mngelezi? Funsoli lifuna kuliganizira mofatsa. Jalasi anali wolimba mtima, anamenyera dziko lake. Koma cuma cake cina cinacokera m'misozi ya anthu ogulitsidwa. Angelezi anatsekadi njira ya akapolo. Koma atatseka sanabwerere kwawo. Anatenga dziko, naika msonkho wa nyumba, ndipo m'minda ya azungu munabuka thangata. Munthu wamba anacoka m'goli lina nalowa m'goli lina.

Kuno kwathu zinayendanso cimodzimodzi. Boma la Apwitikizi linapereka dziko la Niassa m'manja mwa kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929. Mataka wa ku Mwembe analimbana nawo zaka zambiri, mpaka anagonjetsedwa mu 1912. Anthu anaona msonkho, cibalo ndi mbalamatodya. Ambiri anathawira ku Nyasaland. Ngakhale maina a malo anasinthidwa: Cuamba anachedwa Nova Freixo kufikira nthawi ya ufulu wathu.

Pali cinthu cinanso cimene phirili litiphunzitsa. Mukaima pamwamba ndi kuyang'ana kum'mawa, kumene kuli Mandimba ndi Ngauma, simuona mpanda kapena cizindikiro. Mapiri ndi omwewo, minda ndi yomweyo. Anthu alankhula Ciyao ndi Cinyanja mbali zonse ziwiri. Malire anaikidwa pa pepala, mu mzinda wa Lisbon, pa 11 June 1891, pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dziko. Panalibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Makolo athu sanalione pepalalo, ndipo akadaliona sakadatha kuliwerenga. Koma ndilo linacititsa kuti mwana akhale Mmalawi, malume ake akhale Mmozambiki.

Malawi analandira ufulu mu 1964, ife mu 1975. Atsamunda anapita, linga lawo likugumuka, koma ufumu wa Jalasi ukalipobe m'dera la Namwera. Ubale nawonso sunathe. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu ambiri a kuno anaoloka pa Chiponde, ndipo abale a tsidya lija anawalandira.

Funsani agogo a m'mudzi mwanu zimene anamva za Jalasi, za Mataka ndi za cibalo. Zimene akuuzeni muzilembe m'kope mwanu, mudzatiwerengere m'kalasi.

Mafunso

1. Kodi linga la pa phiri la Mangochi linamangidwa caka citi, ndipo analimanga ndani?
2. N'cifukwa ciani Jalasi anamanga mudzi wake pa phiri?
3. Cinasintha n'ciani kwa munthu wamba ukapolo utatha?
4. Kodi muli ndi abale tsidya lina la malire? Anapitako liti, ndipo cifukwa ciani?