Sikelo ya boma ndi thukuta la mlimi: mbiri ya Admarc

Pamene boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board m'chaka cha 1926, linanena kuti lifuna kuwongolera ulimi wa fodya wa chikopa umene anthu a ku Lilongwe ndi ku Dowa anali ataugwira ndi manja awiri. Koma popeza Azungu a minda ikuluikulu anali kuopa mpikisano wa alimi a m'midzi, bungwelo linayamba kulemba maina a olima, kuwadula msonkho pa fodya wawo, ndi kuwasankhira misika yogulitsirako. Kuyambira masiku amenewo mlimi wamng'ono anazolowera kufika pa msika atasenza katundu wake, ndi kukapeza mtengo utaikidwa kale ndi anthu amene sanagwirepo khasu m'munda mwake.

Itapita njala yoopsa ya 1949, atsamunda anakhazikitsanso mabungwe ogula thonje ndi chimanga, amene anawaphatikiza pamodzi ndi la fodya mu 1956. Ndipo bungwe lophatikizalo atalitcha Farmers Marketing Board mu 1962, linasandulika Admarc mu 1971.

Tisachepetse zabwino zimene Admarc inachita. Akuluakulu akumbukira msika wa malata pafupi ndi mudzi, sikelo yopachika pa mtanda, kalaliki ali ndi buku la malisiti m'manja, ndi amayi atakhala pa mphasa kusankha mtedza wa chalimbana kuti ulowe mu giredi yapamwamba. Mtengo unali umodzi kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, kotero kuti wokhala kutali ndi msewu sanali kulangidwa chifukwa cha kumene anabadwira. Ndipo mwezi wa February ukafika, nkhokwe zitapepuka, munthu anali kubwerera pa msika womwewo kukagula chimanga pa mtengo wodziwika.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakuti m'zaka za m'ma 1970 bungweli linali kugula fodya, thonje ndi mtedza pa mtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lalikulu, m'malo mobwerera kwa amene anakhetsa thukuta, linapita kukakuza maesiteti ndi makampani monga Press Holdings ya Dr Kamuzu Banda. Mlimi yemweyo lamulo linamuletsa kulima fodya wa bale, amene anali wa ndalama zambiri, kufikira cha m'ma 1990; ambiri anasiya minda ya makolo awo nakakhala matenanti. Apa ndi pamene, m'kuona kwanga, panagona tchimo lalikulu: osauka ndiwo anamangira olemera chuma.

Chuma cha dziko chitayamba kudwala, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IMF anaika malamulo pa ngongole zawo, ndipo mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu, misika ina ya Admarc n'kutsekedwa. Walira mvula walira matope. Kumene kunali misewu yabwino ogula anachulukadi, napikisana; koma kumidzi ya kutali kunafika venda mmodzi ndi sikelo yake, nthawi yokolola, pamene mlimi ali ndi ngongole ya feteleza ndi fizi ya ana, ndipo mtengo unali wa pakamwa pa vendayo.

Kusunga chimanga cha dziko, monga cha m'nkhokwe zazitali za ku Kanengo, kunapatsidwa kwa bungwe la NFRA mu 1999. Ndipo pamene chimangacho chinagulitsidwa mvula isanaoneke mutu wake, njala ya 2002 inapeza nkhokwe zili pululu, anthu nadya gaga ndi zitsa za nthochi, ena natsikira kuli chete. Admarc inasandutsidwa kampani mu 2004, nikhala ikuyenda motsimphina, kufika pa msika mochedwa mavenda atasesa kale, mpaka mu 2022 boma linayitseka, kenaka n'kuchotsa antchito ake onse kuti liyimangenso mwatsopano. M'midzi yambiri mashedi aja akali chiimire, ndipo alimi akali kufunsana chaka ndi chaka ngati ndalama zogulira mbewu zidzafika iwo asanagulitse.